Kachitseko ka Pakati pa Aneba

Zitseko zinali khumi ndi ziwiri. Lolemba m'mawa ndinaziwerenga n'kupeza khumi ndi chimodzi, ndipo ndinabwereza kachiwiri, chifukwa pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito yaupolisi ndaonapo anthu akugona m'chitolokosi chifukwa cha munthu amene anawerenga kamodzi.

Zinaimikidwa pabwalo latsopano, pamene panali msika mabomba asanaugwetse. Akhonsolo anachotsa zigumukire zonse, anayala miyala yoyera, anabzala timitengo, kenaka anaitana mtsikana wa zaluso dzina lake Lamija kuti aikepo chinthu chokumbukira nkhondo. Iye anayenda m'tauni monse kupempha zitseko za nyumba zimene zinaona masiku amenewo, zina zopsa m'munsi, zina zobowokabowoka ndi zipolopolo. Chilichonse anachiimika pachokha m'felemu yachitsulo, popanda khoma, popanda nyumba. Mwambo wotsegulira bwalolo unali Lachiwiri. Chitseko chachisanu ndi chiwiri chinasowa Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo.

"Sakib, nkhani iyi inatha kale," anatero bwana wanga m'mawa umenewo, akugogoda fayilo ndi chala. "Anthu atatu anamuona Bajro atakweza chitsekocho pangolo yake. Munthu wotola zitsulo zakutha, ali ndi mlandu wina wakale wa mawaya. Ukufunanso chiyani? Folo koloko fayilo iyi ikupita kukhoti."

Ndinkadziwa tanthauzo lake. Mlandu wachiwiri ndi ndende, ndipo njinga yake yamoto yangolo, imene imadyetsa ana ake anayi, ikanalandidwa.

"Nanga chitsekocho chili kuti, bwana?"

"Anagulitsa."

"Kwa yani?"

"Iwe ndi mafunso ako! Pita, kafunse. Koma folo koloko ndi folo koloko."

* * *

Lamija ndinamupeza pabwalopo akuzungulira felemu yopanda kanthu ija ngati nkhuku yotaya anapiye. Anabadwira m'tauni yathu koma anakulira ku Sweden, ndiye amalankhula chilankhulo chathu mothamanga ngati akuopa kuti chimuthawa.

"Bambo Sakib, mawa kukubwera alendo ochokera ku Sarajevo, kukubwera a wailesi, ndipo ine ndili ndi bowo! Khumi ndi ziwiri ndinalonjeza, khumi ndi ziwiri zinalembedwa pachikwangwani. Ndiwauza chiyani anthu?"

"Khazikani mtima pansi, mayi. Chinali chitseko chotani?"

Anandionetsa chithunzi pafoni. Kanali kachitseko kakang'ono kamatabwa, kofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, utoto wobiriwira utasupuka. Kopanda loko, kopanda chogogodera. Aliyense wokulira m'nyumba zakale akanakazindikira: kapijiki, kachitseko ka pampanda wa pakati pa aneba awiri, kamene amayi amadutsirapo pokabwereka mchere popanda kuvala zapamsewu.

Ndinayang'ana zitseko zinazo. Chachisanu ndi chimodzi chinali ndi chogogodera chamkuwa chachikulu ngati mbale. Chachisanu ndi chitatu chinali ndi ziwiri. Palibe chimene chinakhudzidwa. Pafelemu yopanda kanthuyo panalibe ngakhale pokalika pamodzi. Amene anachotsa kachitsekoko anamasula mahinjesi mofatsa, n'kutenga ndi misomali yake yomwe.

Munthu wa zitsulo zakutha wasiya mkuwa, watenga matabwa owola. Ndinazilemba m'kabuku.

"Anakupatsani ndani kameneka?"

"Elvedin, mwana wa mayi Zumreta a kumsewu wakumtunda. Amakhala ku Germany. Anabwera m'mwezi wa Malichi kudzakonza nyumba ya mayi ake, anakazula, pamalopo n'kutsekapo ndi mabuloko. Akuti pankalowa mphepo ndi amphaka."

"Nanga aneba a kuseri kwa mpandawo munawafunsa?"

Anandiyang'ana modabwa.

"Kuwafunsa chiyani? Anasaina ndi Elvedin."

* * *

Njinga ya Bajro inali kuseri kwa polisi. M'ngolo munalibe matabwa. Munali zidutswa za mabuloko atsopano, simenti yake idakali yoyera, ndi nyundo yaikulu.

Mwiniwake ndinamupeza atagona chagada pabenchi ya m'chitolokosi, chipewa chili kumaso.

"Aa, achimwene Sakib! Lowani, lowani, pepani sindinasese."

"Bajro, unatenga chitseko?"

"Ndinatenga. Anthu atatu anandiona, mmodzi anandigwirizako pokweza. Ndinavala chovala chalalanje ngati wa khonsolo, aliyense amangondipatsa moni."

"Unapita nacho kuti?"

"Apa ndiye mutu wanga umazima. Matenda a kubanja kwathu."

"Nanga mabuloko ali m'ngolomo?"

Anachotsa chipewa kumaso. Nthabwala zinamuthera.

"Zinyalala. Ntchito yanga ndi kutaya zinyalala."

"Ukudziwa kuti ukupita kundende? Njinga ija sudzaionanso. Ana adya chiyani?"

"Ndikudziwa, achimwene. Masiku awiri ndakhala muno, ndi zomwezo zimene ndikuganiza."

"Ndiye tchula amene anakutuma."

Anabwezeretsa chipewa kumaso.

"Mukatuluka mundiuzire mkazi wanga kuti fodya amene anabweretsa dzulo ndi wa maliro. Abweretse wina."

Inali itakwana leveni koloko. Ndinali ndi wakuba wovomera kuba koma wokana kupindula. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaganiza zokafunsa amene kusowa kwa kachitsekoko pampanda kunawapweteka.

* * *

Nyumba ziwirizo n'zofulatirana paphiri. Geti la mayi Zumreta lili kumsewu wakumtunda, la mayi Milojka lili kumsewu wakumunsi, ndipo mabwalo awo amakumana kumbuyo pampanda wamiyala. Wofuna kuchoka kwina kupita kwinako amazungulira n'kudzera pamasitepe amiyala a pakati pa misewu iwiriyo.

Ndinayambira kumtunda. Mayi Zumreta ananditsegulira atamanga mpango woyera, manja ali ufa wokhawokha.

"Sakib mwana wa Hasnija! Wakalamba bwanji iwe? Vula nsapato. Khala apo. Ayi, osati apo, pamenepo m'pa mphaka."

"Azakhali, sindikhalitsa. Ndabwera ndi nkhani ya chitseko chanu chimene chasowa pabwalo."

"Kalanga ine, anthu oipa! Dziko latha." Ananena izi akuyang'ana mumphika wa khofi. "Ife Lachisanu tinali pano, ine ndi Milojka, kumwa khofi kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Sitinaone kanthu, sitinamve kanthu."

"Sindinafunsetu kumene munali, azakhali."

"Ndiye ndakuchepetsera ntchito. Idya."

Anaika patsogolo panga thireyi yozungulira ya chakudya chakwathu chotchedwa pita, mtanda wopyapyala wokulungamo tchizi, wongotuluka kumene mu uvuni. Thireyiyo inali yakale, yabuluu, yothetheka pang'ono m'mphepete. Anandidulira chidutswa. Nditamaliza anadula china. Nditakana chachitatu anandiyang'ana ngati ndatukwana manda a makolo ake, ndiye ndinadula ndekha kachidutswa kakang'ono pakati penipeni, pamene panali popsa bwino.

"Taonani ulesi," anatero. "Munthu amadula pita pakati? Amayi ako ankakuleka choncho?"

"Mwana wanu atatseka pampanda paja munamva bwanji?"

"Elvedin ndi mwana wabwino. Anandiikira mawindo a ku Germany, osatseguka. Anandiikira bafa loti ukadina apa madzi amatulukira uko. Mwana wabwino kwambiri. Nzeru zokha ndi zimene anasiya pabwalo la ndege."

Potuluka ndinaponya maso kumbuyo kwa bwalo. Pansi pa mpesa, pampanda, panali patayanikidwa kalipeti yaikulu yofiira, yofika mpaka pansi.

"Mwachapa kalipeti?"

"Ndikuiwombetsa mphepo."

"Pamthunzi?"

"Dzuwa limasukulutsa mtundu. Uli ndi mkazi iwe? Kamufunse. Ukupita kuti tsopano?"

"Kwa azakhali a Milojka."

Chikope chawo chinaphethira kamodzi.

"Yenda bwino. Usathamange pamasitepe, ndi oterera."

* * *

Pakati pa masitepewo pali shopu ya Anto wometa. Zaka makumi anayi wakhala pakhomo pomwepo, ndipo ntchentche ikadutsa amadziwa kumene ikupita. Ndinamupeza akumeta mkulu wina amene anali atagona tulo pampando.

"Apolisi! Bisani malezala," anafuula. "Sakib, khala ndikuchepetse kumbuyoku, ukuoneka ngati nkhosa yothawa."

"Tsiku lina, aneba. Mayi Milojka amadutsa pano kawirikawiri?"

"Chitsekereni mpanda uja? Kamodzi pamlungu, Lachitatu. Masitepe makumi asanu ndi limodzi kudza anayi, ndipo sitepe iliyonse ili ndi chitukwano chake. Amapumira pabenchi yangayi. Amati, Anto, mnyamata uja ndinamusintha matewera ndi manja awa, lero wanditsekera kunja ngati mbuzi. Kenaka amapitiriza. Zumreta ndiye sayesa n'komwe, maondo anatha."

"Nanga Lachisanu anadutsa?"

"Ayi."

"Mukutsimikiza? Akuti anamwera limodzi khofi masana onse."

Anto anaimitsa lumo m'mwamba.

"Lachisanu ndinadyera pakhomo pano. Anadutsa wa makalata, anadutsa ansembe, anadutsa galu wa Stipe kawiri. Milojka ayi. Loweruka ayi, dzulo ayi." Anandiyang'ana pagalasi, kenaka anayamba kumwetulira pang'onopang'ono. "Koma dzulo madzulo ndinamva nkhalamba ziwiri zikuseka kumtundako. Ndinati mwina ndi wailesi."

"Mwina ndi wailesi," ndinavomera.

"Ine sindinanene kanthu, Sakib. Ndine wometa chabe."

Ndinayang'ana wotchi. Inali itadutsa wani koloko.

* * *

Mayi Milojka ndi aatali, ouma, ovala zakuda chimwalirireni amuna awo, ndipo mawu awo amamveka kutsidya kwa mtsinje. Anatsegula geti ndisanagogode.

"Ndiwe wapolisi uja wochedwa kuganiza? Lowa. Ndodo yanga usaiponde."

"Mwadziwa bwanji kuti ndikubwera, azakhali?"

"Ndinalota."

Anandikhazika patebulo la pakhonde, pafupi ndi chithunzi cha woyera mtima wa banja lawo ndi kanyali kake. Anayamba okha, monga mnzawo uja.

"Lachisanu ndinali kwa Zumreta, kumwa khofi. Lemba."

"Munadzera pamasitepe?"

"Ayi, ndinauluka. Funso lanji limenelo?"

"Anto akuti sanakuoneni."

"Anto anameta mwamuna wanga zaka makumi awiri osaona kuti ali ndi dazi. Dikira pamenepo. Mlendo sakhala patebulo louma m'nyumba mwanga, angakhale wapolisi."

Analowa kukhitchini. Ndinamva mbale zikugundana. Anatuluka atanyamula khofi, n'kubwereranso, n'kutuluka ndi thireyi. Anaiika patsogolo panga monyadira.

"Ndaphika m'mawa uno. Idya."

Thireyi yabuluu, yothetheka m'mphepete. Pita wa tchizi, adakali wofunda. Mbali imodzi panali patachoka zidutswa ziwiri, ndipo pakati penipeni panali kabowo kamakona anayi.

Ndinayang'anitsitsa kabowoko. Sindikonda kufulumira pa zinthu zotere, komanso ndinkalimbana ndi kuseka.

"Azakhali, ndani anadula pita ameneyu pakati?"

Anayang'ana thireyiyo. Anayang'ana ine.

"Mbewa."

"Mbewa imeneyo ndine. Ndadula ndi dzanja langa kwa mayi Zumreta, theka la ola lapitalo. Ine ndatsika masitepe onse aja, ndipo palibe thireyi imene yandipitirira panjira."

Mayi Milojka anapuma mozama, anatembenukira kumbuyo kwa bwalo, n'kukuwa ndi mawu onse:

"Zumreta! Chitsiru cha nkhalamba iwe! Wandipatsa thireyi yomwe wapolisiyu wadyapo kale!"

Kumpanda kunali mulu wa nkhuni wosanjidwa mwaulesi, ndi chinsalu chakale chitalendewera. Chinsalucho chinagwedezeka. Kunamveka kulira kwa hinjesi, ndipo kachitseko kobiriwira kanatseguka. Mayi Zumreta anatulukira atawerama, kalipeti yofiira ikuoneka kumbuyo kwawo.

"Nanga ndikanatani? Unati ulibe chilichonse m'nyumba koma mabisiketi a chaka chatha! Mlendo achoke kwa neba wanga osadya, anthu amve kuti ine ndinali ndi pita?"

"Ukanatembenuza thireyi!"

"Bowo la pakati limatembenuzika?"

Ndinawasiya akangane pang'ono. Kenaka ndinafunsa amene anaganiza zonsezi.

"Ine," anatero onse awiri.

"Tinapita kukaona zitseko zija Lachinayi," anatero mayi Milojka. "Bajro anatinyamula pangolo. Zokongola ndithu, sindikunyoza. Chitseko cha a Pehar chili pomwepo, ndinalira nditachiona, pakuti m'banja la a Pehar simunatsale ndi mmodzi yemwe. Koma kathu? Kaima pamenepo pakati pa akufa, pansi atalemba kuti kale aneba ankakhala motere. Kale! Ine ndafa? Uyu wafa?"

"Ndipo theka lake ndi la Milojka," anawonjezera mayi Zumreta. "Matabwa anagula apongozi anga, mahinjesi anasula apongozi ake. Kachitseko ka pampanda kalibe mwini mmodzi. Elvedin anapereka chinthu chimene si chake."

"Bwanji simunangopita kwa mtsikanayo kukapempha?"

"Kupempha chitseko chathu chomwe? Ndi mafomu? Tikanamwalira tili pamzere."

"Nanga mukudziwa kumene kuli Bajro?"

"Ali kumudzi kwa alamu ake," anatero mayi Zumreta. "Mkazi wake anatiuza choncho."

"Ali m'chitolokosi chiyambire Loweruka. Wakana kukutchulani. Folo koloko mlandu wake ukupita kukhoti, ndipo akapita kumeneko ndi ndende."

Kukangana kunatheratu. Mayi Zumreta anagwira pakamwa. Mayi Milojka anatola ndodo yawo.

"Nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala pang'ono kuti ikwane thuu."

"Ndiye ukudikira chiyani, mbuzi iwe? Itana galimoto!"

* * *

Bwana wanga sanakumanepo ndi zotere. Nkhalamba ziwiri zinakhala muofesi mwake, zikwama pamiyendo, zikulamula kuti zitsekeredwe.

"Amayi, chonde, palibe amene akufuna kukumangani."

"Bwanji? Ndife osakwanira?" anafunsa mayi Milojka. "Tinakonza ndife, tinatuma ndife. Mwanayo anangonyamula. Tulutsani iyeyo mulowetse ife. Koma benchi ikhale ndi khushoni, mnzangayu ali ndi maondo."

Ndinali nditaitanitsa Lamija. Anatipeza kumsewu wakumunsi tisananyamuke kupita kupolisi, ndipo anaona kachitsekoko kali pamalo pake. Anakatsegula, anakatseka, anadutsa kupita kwa mayi Zumreta, anabwerera. Muofesimo bwana anamufunsa ngati akupitiriza dandaulo lake.

"Dandaulo la chiyani?" anatero motsitsa mawu, ndipo kanali koyamba kumumva akulankhula mosathamanga. "Ine ndinapempha zitseko zimene zinatha ntchito. Ichi sichinathe. Wolakwa ndine, sindinagogode mbali inayo."

"Nanga mawa? Alendo aja?"

"Aona felemu yopanda kanthu. Pansi pake ndilemba kuti chitseko ichi chinabwerera kuntchito."

Bwana anakanda m'mutu, anatsegula fayilo, anaitseka. Munthu sangabe chinthu chimene eni ake onse awiri amutuma kukatenga. Anatuma kuti Bajro abwere.

Analowa akupinda chipewa m'manja. Ataona nkhalambazo anaima pakhomo.

"Aa, azakhali. Mwabweranji kuno? Ndinamuuza mkazi wanga kuti asakuuzeni."

"Tseka pakamwa," anatero mayi Zumreta akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Taona mmene waondera."

"Masiku awiri okha, azakhali."

"Waonda!"

Bwana anamukankhira pepala loti asaine.

"Tandiuza, Bajro. Ukanapita kundende chifukwa cha matabwa anayi? Unalekeranji kungonena?"

Bajro anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

"Chaka chachiwiri cha nkhondo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bwana. Ife Aromani, kamtundu kathu kochepa kaja, tinalibe mbali, aliyense wa mfuti ankatiyesa a mnzake. Ine ndi amayi tinabisala miyezi isanu m'nyumba ziwiri zija, ina ya anthu a mbali iyi, ina ya anthu a mbali inayo. Asilikali akagogoda kumtunda, tinkathawira kumunsi kudzera pakachitseko kaja. Akagogoda kumunsi, tinkathawira kumtunda. Onsewo ankafunsa kuti muno muli anthu ena? Azakhali awa sananame ndi tsiku limodzi lomwe. Ankati fufuzani." Anabweza cholembera. "Iwo sanatitchule miyezi isanu. Ine ndiwatchule pa masiku awiri?"

Bwana anatsegula kabati, anatulutsa makiyi a njinga, n'kuwaika patebulo osayang'ana munthu.

"Mabuloko ajawo ukataye kumalo ake oyenera," anatero. "Osati kumtsinje."

Kunja Bajro anatsitsa zidutswa zija n'kuyala jekete lake m'ngolo. Tinakweza mayi Zumreta anthu awiri. Mayi Milojka anakana kugwiridwa, anakwera okha akutukwana chiuno chawo. Injini inatsokomola katatu n'kulira.

"Uyambe kumtunda," analamula mayi Zumreta. "Ndasiya mphaka m'khitchini."

"Kumunsi! Ine ndine wamkulu ndi miyezi isanu ndi itatu."

"Kumtunda n'kumene kuli khofi."

"Khofi wako wamadzimadziyo?"

Bajro anatembenuka, anandipsinyira diso, n'kukankha giya.

"Azakhali, mafuta adula. Ndikusiyani pageti limodzi, kwinako mukafika nokha."